Kasankhidwe ka pampu yochotsera madzi m'maenje a m'migodi ndi m'mafakitale

Munthu akapita kukagula pampu yochotsera madzi m'dzenje, kawirikawiri amanyamula manambala awiri okha: kukula kwa kukamwa kwa pampuyo ndi mphamvu ya mota. Amangoti, "Ndikufuna ya mainchesi 4, ya makilowati 11." Manambala awiriwa ndi oyenera kubwera pomaliza. Oyamba amachokera kudzenje komweko: madzi akulowa ochuluka bwanji, anyamula chiyani, akwera mpaka pati, ndipo adutsa m'paipi yotani. Pampu yogulidwa zinayi izi zisanadziwike imagwira ntchito milungu ingapo, kenako impela, chozungulira cha mkati mwa pampu chimene chimakankha madzi, imasungunuka ngati sopo, kapena mota imapsa usiku mvula ili mkati, makina a pansi n'kumira.

1. Yezani madzi amene akulowa

Zimitsani pampu imene ilipo, ikani chizindikiro pakhoma la dzenje, ndipo muwerenge nthawi. Tiyerekeze dzenje la mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi. Madzi akakwera masentimita 25 pa mphindi 2, ndiye kuti mwalowa makiyubiki mita 1.5 pa mphindi ziwirizo, kapena 45 pa ola. Yezani kangapo, makamaka nthawi imene fakitale ikutsukidwa ndi mapaipi kapena thanki ikukhuthulidwa, chifukwa pampu iyenera kupirira nthawi yoipitsitsa. Pa nambala imene mwapeza onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu. Apa 45 afika pafupifupi 60 pa ola, ndipo nambala imeneyi ndi imene tiziigwiritsa ntchito mpaka kumapeto.

Dzenje la pamtetete lili ndi mlendo wina, mvula. Milimita imodzi ya mvula pa hekitala imodzi ndi makiyubiki mita 10. Mvula ya mamilimita 30 pa ola, itagwa pa theka la hekitala pamene madzi onse amatsetserekera kudzenje, imabweretsa makiyubiki mita 150 pa ola limodzi. Musagule pampu imodzi yaikulu yoti ithane ndi zonsezi, chifukwa masiku opanda mvula izingoyaka ndi kuzima. Ikani yaing'ono ya tsiku ndi tsiku, ndi ina yaikulu yodikira chigumula.

2. Tungani madziwo muwaone

Sitepe iyi ndi imene anthu amailumpha, ndipo ndi imene imapha mapampu ambiri. Tungani madzi m'botolo loonekera mkati, kuchokera pansi penipeni pamene pampu idzakhale, osati pamwamba pamene ayera. Likhutchumuleni, liikeni patebulo, muyang'ane. Zimene zakhala pansi m'masekondi ochepa ndi mchenga ndi timiyala, ndipo ndi zimene zimapala impela. Zimene zatenga ola kapena kupitirira ndi matope osalala. Zoyandama pamwamba ndi mafuta, ulusi, mapulasitiki ndi zidutswa za nsanza, zomwe sizipala chitsulo koma zimakulunga impela mpaka kuima. Tengani pang'ono za pansizo muzitikite pakati pa zala. Zikamalasa ngati galasi losweka, monga zimachitira nyenyeswa za miyala yophwanyidwa kapena makoko a chitsulo a m'fakitale yosula zitsulo, dziwani kuti pampu wamba siikhalitsa.

Kenako yezani kulemera. Lita imodzi ya madzi oyera imalemera kilogalamu imodzi. Lita ya m'dzenje lanu ikalemera makilogalamu 1.05, ndi madzi akuda chabe. Ikafika 1.2 ndi matope, ndipo ikapitirira pamenepo ndi phala la mchenga limene amalitcha slurry. Mota imamva kulemera kumeneku mwachindunji: madzi olemera 1.3 amafuna mphamvu yoposa ya madzi oyera ndi 30 peresenti, ngakhale kuchuluka ndi kutalika kwake kukhale komweko.

Zatsala ziwiri. Yezani pH, muyeso wa asidi m'madzi, ndi kapepala koyezera kapena kamakina kake, chifukwa madzi a m'migodi ya miyala ya salufa amatha kukhala a asidi kwambiri, pH yake kutsika mpaka 3 kapena pansi pake. Yezaninso kutentha. Mapampu ambiri omira m'madzi anapangidwira madzi osapitirira madigiri 40, popeza madzi omwewo ndi amene amaziziritsa mota. Dzenje lolandira madzi a ku boyila likufuna pampu yopangidwira madzi otentha.

Lembaninso kukula kwa chinthu chachikulu kwambiri chimene chingagwere m'dzenjemo. Nambala imeneyi mudzaifuna posankha impela.

3. Werengani kutalika kumene pampu ikankhe madzi

M'mabuku a mapampu nambala iyi imatchedwa head, ndipo imalembedwa m'mamita. Ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi kukwera kwenikweni, kuchokera pamwamba pa madzi m'dzenje, atatsika kwambiri, kufika pamalo okwera kwambiri pamene akukatulukira. Muyeze choimirira, osati motsata paipi. Yachiwiri ndi mphamvu imene imatayika madzi akamakhulana ndi khoma la paipi, m'magongono ndi m'mavalavu. Ngati madzi akukalowa m'chinthu chokhala ndi puresha, monga sefa yotsekedwa, onjezerani mamita 10 pa bar iliyonse.

Mbali yachiwiriyi ndi imene imadabwitsa anthu, ndiye tiione bwino. Makiyubiki mita 60 pa ola akamadutsa m'paipi ya mamilimita 100 mkati mwake, madzi amathamanga mamita 2.1 pa sekondi, ndipo pa mamita 100 alionse a paipi mumataya pafupifupi mamita 4 kapena 5. Madzi omwewo m'paipi ya mamilimita 80 amathamanga mamita 3.3 pa sekondi, ndipo mumataya pafupifupi mamita 14. Kuchepetsa paipi ndi mamilimita 20 okha kwachulukitsa kutayako katatu. M'paipi ya mamilimita 150 kutaya sikufika ngakhale mita imodzi, koma madzi amayenda mwaulesi, osakwana mita imodzi pa sekondi, ndipo mchenga umagona m'paipi mpaka kuitseka. Ndiye paipi yaikulu nayo ili ndi tsoka lake. Pa madzi akuda a mchenga wosalala yesetsani kuti liwiro likhale cha m'ma 2 pa sekondi, ndipo pa phala la mchenga wokhakhala ndi timiyala likhale mamita 3 kapena kuposa. Sankhani paipi potsata liwiro limeneli, osati potsata kukamwa kwa pampu.

Pa chitsanzo chathu, tinene kuti madzi akukwera mamita 22 ndipo paipi ya mamilimita 100 ndi yotalika mamita 200. Kukhulana kwadya mamita 9, magongono ndi valavu yobweza (yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo) adya ena 2. Zonse pamodzi ndi mamita 33. Pampu imene tikufuna ndi yotulutsa makiyubiki mita 60 pa ola pa mamita 33. Manambala awiriwa amayendera limodzi nthawi zonse, ndipo limodzi lokha silinena kanthu.

Paipi yofewa yopindika ija imene amayala pansi imadya mphamvu yoposa ya paipi yolimba ikapindika pangodya kapena galimoto ikaiponda. Ngati ndi imene mugwiritse ntchito, siyani mpata pa mawerengedwe anu.

4. Sankhani mtundu wa pampu

Funso loyamba ndi lakuti pampu ikhala pamwamba n'kumayamwa, kapena ilowa m'madzi. Pampu ya pamwamba siikoka madzi yokha, mpweya wa mlengalenga ndi umene umawakankhira m'paipi. Pamalo ofanana ndi nyanja yamchere mpweyawo sungakweze madzi kuposa mamita 10.3, ndipo pa ntchito yeniyeni malire ndi mamita 7 kapena 8. Pa mamita 1,000 alionse amene malo akwera, chotsaniponso mita imodzi ndi pang'ono. Madzi akakhala otentha malirewo amatsikanso. Dzenje lozama kuposa pamenepa likufuna pampu yomira, kapena pampu ya pamwamba itsitsidwe pafupi ndi madzi, pa chiyandamo kapena pa sitepe ya khoma.

Mapampu omira alipo a mitundu itatu, ndipo kunja amaoneka ofanana. Yochotsa madzi akuda wamba ili ndi sefa pansi, ya mabowo a mamilimita 6 mpaka 12, imakankha patali, ndipo ndi yopepuka kusuntha. Madzi amene ikupopa amadutsa mozungulira mota n'kumaiziziritsa, choncho imapirira madzi akatsika n'kuyamba kuyamwa madzi osakanikirana ndi mpweya. Yachiwiri ndi ya matope, yokhala ndi impela ya vortex imene imakhala chakumbuyo n'kumazungulitsa madzi, moti zinthu za mamilimita 50 kapena kuposa zimadutsa osakhudza impela kwenikweni. Imadya magetsi ambiri pa madzi omwewo, koma siitsekeka wamba. Yachitatu ndi ya slurry: yolemera, ya makoma ochindikala, yozungulira pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri ili ndi chotakasa kunsi kwa shafiti chovundula mchenga umene wakhala pansi kuti utuluke pamodzi ndi madzi. Botolo lija likaonetsa mchenga wambiri wokhala pansi msanga, iyi ndiyo yanu, ngakhale kuinyamula kwake kumafuna kireni.

M'mafakitale oyenga miyala, pamene dzenje ndi losazama koma phala lake ndi loipa, imagwira bwino ndi pampu yoimirira ya shafiti yaitali. Mota ndi maberingi zili pamwamba pa dzenje, m'madzi muli impela yokha, popanda siili (chotchinga madzi kuti asalowe motsata shafiti) kapena beringi yoti mchenga uilowe. Imatha kuzungulira dzenje litauma osavulala. Malire ake ndi kutalika kwa shafiti, komwe kawirikawiri sikupitirira mamita awiri.

Kumene kulibe magetsi, kapena madzi amabwera ambiri mwadzidzidzi, pampu ya dizilo yodziyamwitsa yokha ndi imene imapulumutsa. Kumene kuli kompuresa ndipo madzi ndi ochepa, a mankhwala kapena a mafuta, pampu ya diaphragm yoyendera mpweya ndi yabwino: ilibe mota yoti ipse, imauma osaonongeka, ndipo mukatseka valavu imangoima. M'migodi yakuya, kumene madzi akwere mamita mazana angapo, amagwiritsa ntchito mapampu a maimpela ambiri otsatizana. Amenewa amadana ndi mchenga, ndiye madzi aziyamba akhazikika m'thanki matope atsike asanafike kupampu.

Pamalo pamene pangakhale mpweya woyaka, monga methane ya m'migodi ya malasha kapena nthunzi ya mafuta m'maenje a malo oyengera mafuta, pampu, chingwe chake ndi chozimitsira chake zonse zikhale ndi chiphaso cha ATEX kapena IECEx, chotsimikizira kuti sizingayatse mpweyawo, chogwirizana ndi zoni (mlingo wa ngozi) ya malowo. Apa palibe kunyengerera.

5. Sankhani chitsulo

Pali adani awiri, kupala ndi dzimbiri, ndipo chimene chimagonjetsa mmodzi kawirikawiri chimagonja kwa mnzake. Pa mchenga wokhakhala impela ikhale ya chitsulo cholimba chokhala ndi chrome wambiri, cha m'ma 27 peresenti. Pa mchenga wosalala, mkati mwa pampu mokutidwa ndi labala kapena polyurethane mumakhalitsa, koma mwala wakuthwa umang'amba labala, ndipo mafuta amatupitsa labala wachilengedwe. Pampu ya aluminiyamu ndi yopepuka ndipo imakhala bwino pa pH ya pakati pa 5 ndi 8 basi. Madzi a simenti kapena a laimu amaidya, a asidi nawonso amaidya. Chitsulo cha cast iron chimapirira madzi a laimu koma osati a asidi. Madzi a asidi akufuna stainless steel ya 316, ndipo akakhala ndi mchere wambiri pamafunika ya duplex. Ngati madzi ali ndi asidi ndi mchenga womwe, muuzeni wogulitsa zonse ziwiri pamodzi, chifukwa stainless wamba ndi yofewa pa mchenga.

Pa pampu yomira funsani za siili. Zikhale ziwiri zotsatizana, pakati pake pali chipinda cha oyilo, ndipo yakunsi ikhale ya silicon carbide kapena tungsten carbide. Mota ikhale ya IP68, kutanthauza yosalowa madzi ngakhale itamira, ndipo ikhale ndi zoizimitsa ikatentha zomangidwira m'mawaya ake.

6. Werengani mzere wa pampu, kenako mota

Pampu iliyonse ili ndi chithunzi cha mzere wotsika, woonetsa madzi amene imatulutsa pa kutalika kulikonse. Pachikwangwani cha pampu nthawi zina amalemba madzi ochuluka kwambiri ndi kutalika kwakukulu kwambiri, koma ziwirizi sizichitika pamodzi: pa kutalika kwakukuluko madzi satuluka n'komwe. Pezani 60 kunsi kwa chithunzi, 33 kumbali, ndipo pamene akumana pakhale pamzere kapena pansi pake pang'ono.

Pamzere womwewo pali malo amene pampu imagwira ntchito mosataya mphamvu, otchedwa BEP. Malo anu akhale pakati pa 70 ndi 120 peresenti ya madzi a pa BEP. Mukapita kumanzere kwambiri, madzi amangozungulira m'kati, pampu imatentha, shafiti imapindikira mbali imodzi, siili ndi maberingi zimatha. Mukapita kumanja kwambiri, mota imakoka magetsi opitirira muyeso ndipo kukamwa kwa impela madzi amayamba kuwira tithovu tomwe timaphulika pachitsulo. Mudzamva phokoso ngati pampu ikutafuna miyala, ndipo mukaitsegula impela imaoneka yobowokabowoka ngati yajiwa ndi chiswe. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa amene anagula pampu yaikulu "kuti isavutike". Pa pampu ya pamwamba yerekezaninso NPSH, puresha ya madzi pakamwa pa pampu imene imaletsa tithovu tija: imene malo anu akupereka ipose imene pampu ikufuna ndi mita imodzi.

Mphamvu iwerengeni chonchi. Chulukitsani madzi a pa ola ndi kutalika ndi kulemera kwa madzi, mugawe ndi 367. Kwa ife 60 kuchulukitsa ndi 33 ndi 1.05, kugawa ndi 367, ndi makilowati 5.7. Pampu yotere imasandutsa ntchito pafupifupi 60 peresenti ya mphamvu imene yalandira, ndiye pakufunika makilowati 9.4, ndipo mota ya 11 ikwana. Onetsetsani kuti mzere umene mukuwerenga ndi wa 50 Hz kapena 60 Hz molingana ndi magetsi a pamalopo, popeza pampu ya 60 Hz ikaikidwa pa 50 Hz imataya pafupifupi 30 peresenti ya kutalika kwake.

Mapampu awiri akakhala kuti akukwanira onse, tengani wozungulira pang'onopang'ono ngati madzi ali ndi mchenga. Kupala kumakula mofulumira kwambiri kuposa liwiro, moti mota yozungulira ka 1,450 pa mphindi imasunga impela nthawi yaitali kuposa ya 2,900.

7. Konzani dzenje ndi zoyatsira

Mota imatentha kwambiri poyaka, pamene imakoka magetsi ochuluka kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri kuposa a nthawi zonse. Wopanga amalemba kuti iyake kangati pa ola. Madzi a pakati pa poyakira ndi pozimira apezeni pogawa madzi a pampu pa ola ndi 4, kenako ndi nambala ya kuyakako. Pampu yathu ya 60, yololedwa kuyaka ka 10 pa ola, ikufuna makiyubiki mita 1.5, omwe m'dzenje la mamita 3 ndi 2 ndi masentimita 25 okha. Dzenje lalikulu mopitirira limasanduka mosungira matope. Pansi pake patsetsereke kulunjika kupampu kuti zokhala pansi zizitsikira kukamwa kwake.

Choyandama choyatsira pampu chikhale kutali ndi pamene madzi amagwera ndiponso kutali ndi chingwe choti chingakodwemo. M'madzi a mafuta ndi matope chimamatirira n'kuleka kugwira, ndiye choyezera cha ultrasonic kapena radar chokhala pamwamba chimathandiza. Ikani choyandama china chapadera pamwamba, cholira belu madzi akadutsa malire. Dzenje limene likasefukira ntchito iima likhale ndi mapampu awiri osinthana, iliyonse yotha ntchito yokha. Musayembekeze kuti onse awiri akayaka pa paipi imodzi madzi awirikiza, chifukwa kukhulana m'paipi kumakwera ndipo phindu limakhala lochepa.

Valavu yobweza iikidwe pa paipi yotulutsa kuti madzi asabwerere pampu ikazima n'kuizungulitsa chammbuyo. Pa madzi a matope, ya mpira mkati siitsekeka msanga. Pa phala lolemera la mchenga ambiri amasiya paipi kuti izikhuthuka ikazima, kapena amaitsuka ndi madzi oyera asanazimitse, popeza phala likagona m'paipi yoimirira limauma ngati konkire.

8. Kutsitsa ndi kuyatsa koyamba

Musanatsitse, yezani mawaya a mota ndi megger (makina oyezera ngati mawaya akutayitsa magetsi) ya mavoti 500. Ikaonetsa pansi pa megohm imodzi, muli chinyezi ndipo isayatsidwe. Chingwe cha magetsi chikhale chonenepa mokwanira kuti magetsi asatsike kuposa 5 peresenti pofika kupampu, ndipo jenereta ikhale yotha kunyamula kukoka kwa poyaka kuja.

Pa mota ya mafezi atatu onani kumene ikuzungulira. Ipachikeni patcheni pamwamba, yatsani sekondi imodzi manja ali kutali, muone mbali imene yadzidzimukira (imadzidzimukira mbali yosiyana ndi kumene impela ikuzungulira), ndipo muyerekeze ndi muvi wolembedwa pathupi pake. Pampu yozungulira chammbuyo imatulutsabe madzi, koma ochepa, ndipo n'chifukwa chake ambiri saizindikira mpaka itapsa. Ikalakwika, sinthanitsani mawaya awiri alionse.

Itsitseni ndi tcheni kapena chingwe cha waya chomangidwa pachigwiriro chake. Chingwe cha magetsi musakokere ngakhale kamodzi, chifukwa polowera pake pakamasuka madzi amatsata waya mpaka m'mota. Pansi pakakhala pofewa, ikhazikeni pathabwa lachitsulo kapena muilendewetse masentimita angapo pamwamba pa matope, apo ayi imadzikumbira yokha mpaka kukwiririka. Ngati wina alowa m'dzenje, mpweya uyambe wayezedwa: okosijeni asatsike pansi pa 19.5 peresenti, pasakhale mpweya wapoizoni wa hydrogen sulphide, magetsi atsekedwe ndi loko, ndipo mnzake aime pamwamba.

Ikayaka, lembani maampu a fezi iliyonse, puresha ya pa paipi yotulutsa, ndi mphindi zimene yatenga kutsitsa madzi kuchokera poyakira kufika pozimira. Sungani manambalawa pabokosi la magetsi. Mphindi zikamachuluka maampu n'kumatsika, impela yatha kapena sefa yatsekeka. Maampu akamakwera, china chakulunga impela, beringi yayamba kugwira, kapena madzi alemera. Pakatha sabata yoyamba tsegulani pulagi ya chipinda cha oyilo muone: oyilo woyera ndiye kuti siili yakunsi ili bwino, koma akaoneka ngati mkaka madzi ayamba kulowa, ndipo siiliyo isinthidwe pampu isanabwerere m'dzenje.